Kuphunzitsa nyimbo pogwiritsa ntchito zimene zikuvuta pa TikTok popanda kalasi kusanduka disiko

Ikafika piriyodi ya nyimbo mu Expressive Arts, aphunzitsi ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amadzaza bolodi ndi manotsi, mitundu ya zida zoyimbira, magule ndi maboma komwe amavinidwa, ana nkumakopera ali zii mpaka belu kulira popanda ndi mmodzi yemwe woti watsegula pakamwa. Ena amati tiyeni tiwasangalatse anawa, kubwera ndi sipika nkuyika nyimbo imene yatchuka sabata imeneyo, basi kalasi yonse pamwamba pa madesiki, a makalasi oyandikana nawo kudzadzana m'mawindo, ahedi kutulukira pakhomo atakwinya nkhope. Mawa lake mufunse kuti dzulo tinaphunzira chani, mayankho ake ndi kuseka basi.

Anawa nyimbo amabwera nazo kale m'mutu, za pa wailesi, za mu minibasi, za pa foni ya achimwene awo, za ku ukwati wa Loweruka. Ntchito yanu ndi kutengapo kachidutswa nkuwaonetsa momwe kanapangidwira. Nyimbo ya pa foni muyitenge ngati moto wopala kwa aneba, mumangotengako khala limodzi, kuphika mumakaphikira kwanu. Ndiye lamulo lalikulu ndi ili: pa piriyodi yonse foni isalire kupitirira mphindi 5, nthawi yotsalayo phokoso lizichokera kwa ana.

Malangizowa ndi a Sitandade 5 mpaka 8, komanso Fomu 1 ndi 2 atha kuyenda nawo. Muwagawe mapiriyodi atatu, imodzi siyingakwane.

Zofunika kukhala nazo

- Silabasi ndi buku la mphunzitsi la ku MIE (Malawi Institute of Education) la kalasi yanu
- Foni yoti nyimboyo ilimo kale, mu foni momwemo kapena pa memore khadi
- Kasipika ka Bluetooth kotchaja bwino. Ngati mulibe, ndowa yopanda madzi: foni mukayiyika mkati mawu amakwerako ndithu
- Choko cha mitundu iwiri
- Zigubu za malita 20 ziwiri kapena zitatu, ndowa, timitengo togogodera
- Maseche. Ana apange okha: zitsekerero za mabotolo azisule ndi mwala zikhale zaphwatalala, aboole pakati ndi msomali, atunge pa waya. Mabotolo a pulasitiki oikamo timiyala kapena chimanga nawonso amagwira ntchito
- Timapepala ndi katoni yaing'ono
- Gitala kapena kiyibodi ngati pasukulupo ilipo, koma osadandaula nazo, phunziroli limatheka popanda

Musanalowe m'kalasi

1. Yambirani mu silabasi, osati pa foni

Tsegulani sikimu yanu muone kuti sabata imeneyo mukufuna ana adziwe chani. Kugunda kwa biti? Kutsogolera ndi kuvomera? Kupeka nyimbo yopereka uthenga? Kupanga zida zoyimbira? Sankhani chimodzi mulembe mu lesoni pulani ndi mawu oti munthu atha kuona ndi maso, monga "ophunzira aombe m'manja biti ya nyimbo mosasokonezeka" osati "ophunzira ayamikire nyimbo".

*Chenjezo:* mukayamba ndi nyimbo imene inuyo mumayikonda kenako nkumasaka mutu woti igwirizane nawo, a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni yanu, akadzakufunsani kuti izi zikuchokera pati mudzasowa chonena.

2. Ana asankhe nyimbo, koma mwachinsinsi

Kutatsala masiku atatu kapena anayi, gawani timapepala aliyense alembe nyimbo imodzi ndi woyimba wake, osalemba dzina lake, aponye mu katoni. Musafunse kuti akweze manja, chifukwa oyankha amakhala omwe aja, anyamata atatu a kumbuyo omwe kwawo kuli foni ya intaneti, pomwe mtsikana amene amangomva za kwaya pa wailesi ya agogo ake amakhala chete kuopa kusekedwa. Mu katoni muja mupezamo za amapiano, za gospel, dancehall, hip hop ya Chichewa, ngakhale za makedzana zimene simumayembekezera. Tengani zitatu zimene zatchulidwa kwambiri.

3. Sefani kunyumba, ndi mahediseti m'makutu

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mverani nyimbo iliyonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kawiri, mukulemba mawu ake pa pepala. Osangomvera kolasi yokha. Nyimbo zambiri kolasi imakhala yoyera bwinobwino koma vesi yachiwiri muli mowa, chamba, kutukwana kapena kunyoza azimayi. Zina mawu ake ndi ophiphiritsa, inu mukumva ngati akunena za chakudya pomwe mwana wa Sitandade 6 akudziwa bwino lomwe chimene chikunenedwa, ndiye ngati pali mawu a chinyamata amene simukuwamvetsa funsani mphunzitsi mnzanu wachichepere kapena wa TP, amene akuphunzira uphunzitsi, musanapite nayo kutsogolo kwa ana.

Za chilankhulo china, Chizulu cha mu amapiano kapena Pidgin ya ku Nigeria, musaganize kuti poti simukumva ndiye kuti zili bwino. Sakani tanthauzo lake, mukalephera gwiritsani ntchito poyambira pomwe pamangolira zida zokha, amapiano ambiri amayenda mphindi yathunthu kapena kupitirira woyimba asanayambe.

Nyimbo za zipani muzisiye. Za gospel muganizire kalasi yanu, ngati muli ana a Chisilamu ndi a mipingo yosiyanasiyana musakakamize aliyense kuyimba mawu a chikhulupiriro chomwe si chake, biti yokha atha kuomba.

*Chenjezo:* vidiyo ayi. Mawu atha kukhala abwino koma mavalidwe ndi mavinidwe a mu vidiyomo nkukhala oti kholo litamva kuti mwana waonera kusukulu nkhani yake ikafika ku komiti.

4. Dulani kachigawo ka masekondi 30

Simukufuna nyimbo yonse. Pezani pomwe pamabwerezedwabwerezedwa, kawirikawiri ndi kolasi, mulembe nthawi yake pa pepala, mwachitsanzo 0:48 mpaka 1:18. Ngati muli ndi app yodulira nyimbo dulani musunge padera, ngati mulibe ingoyesererani kusuntha ndi chala mpaka muzifikapo mosaphonya. Anawa ndi ozolowera kale tizidutswa totere, pa TikTok nyimbo imatchuka ndi kachigawo kamodzi basi, ambiri vesi yoyamba sanayimvepo.

Muwerengeretu liwiro lake. Pondani phazi motsatira nyimbo, werengani kuti mwaponda kangati pa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Mukapeza 28 ndiye kuti ndi 112 pa mphindi, ndipo amapiano ambiri amakhala cha pamenepo. Izi ana adzachitanso m'kalasi, masamu nkulowa okha.

Kenako foni pa flight mode. Si bwino nyimbo ili mkati pa sipika pamveke mesiji ya WhatsApp kapena kuyitana kwa a landilodi.

5. Dziwitsani ahedi ndi aneba

Auzeni ahedi tsiku ndi nthawi, muwaonetse lesoni pulani. Mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nayenso adziwe, makamaka ngati khoma lake silinafike kudenga. Ngati nkotheka pemphani piriyodi yomaliza kapena tulukani mukakhale pansi pa mtengo kutali ndi a Sitandade 8 omwe akukonzekera mayeso a MANEB.

Piriyodi yoyamba: khutu ndi biti

6. Amvere katatu, ulendo uliwonse ndi ntchito yake

Musanayatse chilichonse gwirizanani chizindikiro choimitsira. Dzanja lanu likakwera m'mwamba mutafumbata, chilichonse chiyime, pakamwa, manja, zigubu. Yesererani kangapo mpaka kalasi iziyima nthawi imodzi. Kalasi ya ana 100 opanda chizindikiro ichi simungayibwezenso ikangoyamba.

Ulendo woyamba asiyeni ayimbe nawo, agwedeze mapewa ali pa mpando, zituluke. Mukawakaniza apa ndiye kuti piriyodi yonse mukhala mukulimbana nawo. Ulendo wachiwiri atseke maso ndi pakamwa, aliyense awerenge pa zala kuti akumva zinthu zingati zikulira. Zimitsani, afotokoze, inu muzilemba pa bolodi mawu awo omwewo, kaya wina wati "chija chimati du du pansi", lembani choncho kenako muwauze kuti ndi bezi, kapena ngati ndi amapiano ndi chimene amachitcha log drum. Ulendo wachitatu aponde phazi limodzi motsatira kugunda kwa nyimbo, awiri akhale ndi wotchi awerenge zija za masekondi 15.

Pamenepa foni yalira mphindi imodzi ndi theka. Ibwezeni m'thumba.

7. Ikani biti pa bolodi

Jambulani mabokosi 8 mondondozana, muwalembe manambala 1 mpaka 8, mupange mizere itatu yotere, wina pansi pa unzake.

Mzere woyamba ndi wa phazi ndi zigubu: ikani X mu bokosi 1 ndi 5.
Mzere wachiwiri ndi wa maseche: X m'mabokosi onse 8.
Mzere wachitatu, ndi choko cha mtundu wina, ndi wa m'manja: X mu bokosi 1, 4 ndi 7.

Mzere wachitatuwo ndiye mtima wa nkhani. Ndi kagawidwe ka 3, 3, 2 kamene kamapezeka mu dancehall, mu afrobeats ndi nyimbo zambiri zimene ana akuvina masiku ano. Kuwerenga manambala kumawasokoneza ana ambiri, ndiye apatseni mawu: chi-ma-nga, chi-ma-nga, nsi-ma. Maphatikizo alipo 8 ndendende, bokosi lililonse lake. Anene mobwereza osapumira, aziomba m'manja pa "chi", pa "chi" winayo ndi pa "nsi". Yambani pang'onopang'ono kwambiri, ngati mukuwerengera mwana wa Sitandade 1, chala chanu chikuyenda pa mabokosi.

Akagwira, gawani kalasi patatu. Oyamba ndi a phazi okha, muwasiye ayende mpaka akhazikike. Kenako alowe a maseche. A m'manja alowe pomaliza. Mumva kuti penapake pa bokosi 4 ndi 5 zikuwombana, a m'manja amafuna kudikira kuti aombere limodzi ndi phazi, ndipo mukayang'ana mupeza ena akuomba milomo ikunjenjemera ndi "chimanga chimanga nsima" maso ali pa bolodi osaphethira. Asiyeni, ndi momwe zimalowera. Zikasokonekera kwezani dzanja, yambiraninso pa liwiro lotsika. Zikayenda sinthanitsani magulu kuti aliyense alawe mbali zonse zitatu.

Kumapeto yatsaninso kachigawo kaja kamodzi, aombe limodzi nako. Ngati nyimbo imene anasankha ili ndi kagundidwe kena, palibe vuto, afunseni kuti X tiyisunthire bokosi liti kuti zifanane, abwere okha ku bolodi adzafufute ndi kulemba. Mwana amene wasuntha X nkumva kuti tsopano zagwirizana waphunzira kulemba nyimbo, ngakhale simunatchule liwu lililonse la m'buku.

*Chenjezo:* zigubu ndi maseche musagawe poyamba. Thupi liyambe, zida zibwere biti itagwira kale, ndipo zikhale zochepa, zigubu zitatu zakwana kalasi yonse. Komanso ana amathamanga, biti imayamba bwino nkumakwera liwiro mpaka kugwa, ndiye pa chigubu chachikulu ikanipo mwana wodekha osati wamphamvu.

Piriyodi yachiwiri: chuni ndi za kwathu

8. Chotsani mawu, tsalani ndi chuni

Ayimbe mzere umodzi wa kolasi ndi "la la la" basi. Dzanja liziyenda m'mwamba chuni ikakwera, pansi ikatsika, kenako mmodzi ajambule pa bolodi mzere wokwera ndi kutsika momwe dzanja limayendera. Muwafunse kuti ndi pati pomwe nyimbo ikumveka ngati yafika, yapuma. Kawirikawiri pamenepo ndiye pa doh, noti yoyamba ya sol-fa (doh, re, mi).

Ngati munayimbako kwaya ya sol-fa lembani d r m f s l pansi pa mzere uja. Ngati simunayimbeko musanamizire, m'kalasimo simulephera kukhala ana a kwaya ya kutchalitchi, kapena pemphani wotsogolera kwaya wa m'deralo akulembereni mzere umodziwo dzulo lake. Amene muli ndi gitala yesani G, C, D ndi Em, nyimbo zambiri zotchuka zimangozungulira pa makodi atatu kapena anayi, ndipo ana amadabwa kwambiri akamva kuti nyimbo ziwiri zosiyana zikukwanira pa makodi omwewo.

*Chenjezo:* musawakakamize kuyimba pa kiyi ya mu foni. Oyimba ambiri mawu awo anakonzedwa mu situdiyo ndi kompyuta, ena ndi amuna akuluakulu a mawu okhuthala, mwana sangafikepo popanda kukuwa. Yambitsani inu pomwe ana ambiri akufika mosavuta. Anyamata a Sitandade 7 ndi 8 omwe mawu akusintha asasekedwe, apatseni mzere wa pansi wa manoti awiri kapena atatu, d, f, s, aziyenda nawo ngati bezi.

9. Ikani nyimbo yatsopano pambali pa gule wa kwanuko

Funso ndi losavuta: mu nyimbo ija alipo amene akutsogolera ena nkumavomera? Nthawi zambiri alipo. Ndiye afunseni kuti ndi kuti kwina komwe anamva zotere. Atchula okha, pa mtondo, pa chimtali, pa manganje, pa beni, pa mganda kapena malipenga, kutengera dera lanu. Sankhani gule mmodzi amene ana a pamenepo amamudziwadi osati amene ali m'buku chabe, ku Mulanje ndi Phalombe tchopa ali pafupi, ku Ntcheu ndi Mzimba ingoma, ku Nkhata Bay malipenga.

Ayimbe nyimbo imodzi ya guleyo akuponda phazi. Magule ambiri a kwathu amayenda mwa atatuatatu, ndiye mabokosi 8 aja sakwanira, jambulani 12. Phazi pa 1, 4, 7 ndi 10, m'manja pa 1, 3, 5, 7, 9 ndi 11. Manja atatu pa mapazi awiri aliwonse. Pa bolodi zimaoneka zovuta kuposa za 8 zija koma mudzaona kuti ana ambiri azichita msanga, thupi linazolowera kale, ndipo apa ndi pomwe mwana uja samadziwa za TikTok amatsogola, a mafoni aja nkumaonera kwa iye.

Musawauze kuti zakale ndiye zabwino zatsopano ndi zopanda pake, atseka makutu. Apatseni zitsanzo zoona. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu anabadwa mu 1930, koma nyimbo yake ya Linny Hoo imene anayimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020 inafalikira pa TikTok mpaka anthu a mayiko akutali omwe sadziwa liwu limodzi la Chichewa ankayivina. A Madalitso Band anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi gitala, ng'oma yoponda ndi chidendene komanso babatoni, bezi ya chingwe chimodzi yopanga okha, lero amayimba ku Ulaya. Mwana akamva zimenezi chigubu chija amachiyang'ana mwa mtundu wina.

Za Gule Wamkulu samalani, zili ndi eni ake ndi malamulo ake, si zoti muziyeserera m'kalasi mwachisawawa.

Piriyodi yachitatu: apeke zawo

10. Mawu atsopano pa biti yomwe ija

Agaweni m'magulu a ana 8 mpaka 10, gulu lililonse likhale ndi mlembi, wosunga biti ndi wotsogolera nyimbo, ndipo muonetsetse kuti maudindowa sanapite kwa anyamata okhaokha. Ntchito ndi mizere 4 basi, iwiri ya wotsogolera iwiri ya ovomera.

Chida chachikulu apa ndi kuwerenga maphatikizo, zomwe anaphunzira kale mu Chichewa. Ngati mzere ukuyenda pa mabokosi 8, mawu ake akhale maphatikizo 8 kapena kucheperapo. Aonetseni pa bolodi:

Mvu-la ya-gwa ti-ka-dza-le, 8
Mbe-wu za-thu zi-sa-che-dwe, 8

Kenako lembani uwu: Tiyenera kuteteza chilengedwe chathu. Awerenge pa zala, apeza 14. Ayese kuwuyimba pa mabokosi 8, lilime lipindika kalasi yonse iseka, ndipo kuyambira pamenepo gulu lililonse liziwerenga lokha musanaliuze. Akumbutseni kuti m' wa mu "m'manja" kapena "m'mudzi" amatenga malo akeake poyimba, ambiri amamudumpha powerenga kenako nkumadabwa kuti mzere sukukwana.

Pa mutu ndiye ndinene maganizo anga. Tikangoti pekani nyimbo, ana athu amathamangira mawu a pa chikwangwani, tipewe matenda, maphunziro ndi ofunika, tisamale mitengo, chifukwa anazolowera kuti ndi zimene akuluakulu amawombera m'manja pa tsiku la alendo. Mitu imeneyi ndi yabwino ndipo ina ili mu silabasi, koma nyimbo zake zimatuluka zouma, palibe amaziyimbanso akatuluka pa geti. Akankhireni ku zimene anaona ndi maso. Osati "ukhondo ndi wofunika" koma mzere wa pa mjigo m'mawa ndi amene amalowerera kutsogolo. Osati "ngozi za pamsewu" koma wa kabaza amene ananyamula anthu atatu ndi thumba la makala. Uthenga ulowa wokha, ndipo ndi momwenso oyimba amene amawakondawo amapekera.

Chuni atha kuyambira pa ija ya mu foni, koma gulu lililonse lisinthe chinthu chimodzi, kaya mathero akwere m'malo motsika, kaya liwiro, kaya asunthe X mmodzi. Apatseni mphindi 15, inu muziyenda gulu ndi gulu mukumvera ndi kuwerenga zimene mlembi walemba.

*Chenjezo:* letsani kutchula dzina la munthu aliyense, wa m'kalasi, mphunzitsi kapena wa m'mudzi. Ana amadziwa nyimbo zonyozana za oyimba a hip hop ndi dancehall, ndipo mukapanda kunena poyamba gulu lina lipeka yonena mnzawo wa nsapato zong'ambika, ndiye nyimbo yotero ikagwira imamutsatira mwanayo chaka chonse.

11. Aonetse, inu mupereke malikisi

Gulu lililonse mphindi imodzi, popanda foni kumbuyo. Lembani pa bolodi asanayambe zimene mukuyang'ana, zinayi, chilichonse malikisi 5:

- biti sinagwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza
- mawu akukwana m'mabokosi ndipo akumveka
- wotsogolera ndi ovomera akulandizana pa nthawi yake
- aliyense m'gulu ali ndi chochita

Gulu likamaliza, omvera anene chinthu chimodzi chimene chayenda ndi chimodzi choti akonze, pogwiritsa ntchito mawu a pa bolodi aja. "Zinali bho" si yankho. Mphindi 5 zomaliza akopere m'makope mabokosi aja, mizere ya gulu lawo ndi mayina a zida zimene anamva, chifukwa mayeso ndi olemba ndipo kope lopanda kanthu kholo silimvetsa.

12. Kujambula ndi kuposita

Zikayenda bwino dzanja limayabwa kuti mujambule muponye pa Facebook kapena pa sitetasi. Dikirani kaye. Ku Malawi aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo nkhope ya mwana wa eni simungayiyike pa intaneti popanda chilolezo cha makolo ndi ahedi, cholembedwa osati cha pakamwa. Vidiyo ikangochoka mu foni yanu simungayibwezenso, anthu amayitenga nkuikapo mawu awoawo achipongwe. TikTok ndi Facebook malamulo awo amati munthu akhale wa zaka 13 kupita m'mwamba, ndiye homuweki yoti "kapangeni chalenji muposite" musapereke, ana ambiri a ku pulayimale sanafike, ndipo ena foni kwawo kulibe.

Ngati mukufuna kuti ana adzimve okha, jambulani mawu okha, muwayikire m'kalasi momwemo. Zimathandiza kwambiri, gulu limamva lokha pomwe biti inathamanga.

Palinso za umwini wa nyimbo. Kumvetsera kachigawo m'kalasi pophunzitsa ndi nkhani ina, kuyika nyimbo ya munthu pa vidiyo ya sukulu kapena kuyimba pa variety show yolipitsa pakhomo ndi nkhani inanso, imeneyo funsani a COSOMA, omwe amayang'anira zimenezi pansi pa lamulo la Copyright la 2016. Musati poti aliyense akuchita. Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode inavinidwa dziko lonse mu 2020, manesi, apolisi, ansembe, koma mu 2021 kampani ya Warner Music inalembera mabungwe ena ku Germany, apolisi omwe, kuti alipire chifukwa choyika nyimboyo m'mavidiyo awo. Komanso YouTube ndi Facebook zimazindikira zokha nyimbo ya eni nkutseka mawu a vidiyo yanu. Nyimbo imene ana apeka okha, pa zigubu zawo, ilibe vuto limeneli.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kudalira netiweki ya pasukulu. Ana 90 akudikira inu mukuzungulira ndi foni m'mwamba kusaka pomwe ikugwira, bandulo nkuthera pa malonda a YouTube. Nyimbo ikhale mu foni dzulo lake.

Kulola ana kubwera ndi mafoni awo. Sukulu zambiri zimaletsa, ndipo ngakhale zikanalola, phunziro limasanduka mpikisano wa amene ali ndi foni yodula. Foni ndi imodzi, yanu.

Kuyimba nyimbo yonse chifukwa ana akuchonderera. Achonderera ndithu, "aphunzitsi kamodzi kokha". Mukagonja mphindi 5 zapita, ndipo kuwabweza ku mabokosi kutenga zina 10. Ngati mukufuna kuwapatsa, ikhale pa mapeto ntchito itatha.

Kuvina kulanda malo a zonse. Kuvina kuli mu Expressive Arts ndipo kuli ndi piriyodi yake. Koma ikakhala ya nyimbo, akatswiri awiri a masitepe a chalenji amatenga bwalo ena onse nkusanduka oonerera.

Mphunzitsi kudzisandutsa mnyamata. Simukufunika kudziwa nyimbo zonse kapena kulankhula chinyamata, ana amaona msanga kuti mukukakamiza. Iwo akudziwa nyimbo, inu mukudziwa mafunso oti muwafunse.

Kunyoza zimene asankha. Mukangoti "nyimbo za masiku ano ndi phokoso" katoni ija ulendo wina mudzapezamo mapepala opanda kanthu kapena nyimbo ya fuko yokhayokha. Nyimbo imene mwayikana auzeni chifukwa chake mwachidule, kuti mawu ake sakuyenera kusukulu, basi.

Kubwereza nyimbo yomweyo chaka ndi chaka. Za pa intaneti zimafa msanga, imene inavuta teremu yatha lero akuti ndi yakale. Chosunga ndi mabokosi, mafunso ndi ndondomekoyi, nyimbo muzifunsa ana a chaka chimenecho.

Kuiwala mwana wosamva bwino. Mukhazikeni kutsogolo pafupi ndi chigubu chachikulu, dzanja lake likhale pa chigubupo kuti azimva kunjenjemera kwake, ndipo chala chanu chisachoke pa mabokosi kuti aziona pomwe mwafika.

Kusiya zida m'kalasi. Maseche ndi timitengo zikagona m'kalasi, mawa mphunzitsi wa masamu adzakusakani. Sankhani ana awiri aziwerenga ndi kutolera mu thumba limodzi belu lisanalire, thumbalo lizikasungidwa ku ofesi.